Kudzala maapozi kuchokera ku njere kuno kuchigwa cha Shire, ndi nkhani ya mitengo yaifupi ija

Nkhaniyi inayamba ndi mwana wa mchemwali wanga. Anagula maapozi awiri pa Nchalo, aja obiriwira owawasa pang'ono aja, atatha kudya anabwera ndi tinjere take m'dzanja ati amalume tidzale izi tizidya athuathu osamagulanso. Ine ndili ndi kanazale pakhomo, mango ndi mandimu makamaka, nde ndinamuuza kuti bweretsa tiyese. Tinayesadi, zina zinamera zina ayi, ndipo kuyambira pamenepo anthu angapo akhala akundifunsa kuti kodi zimathekadi, makamaka za timitengo tatifupi tija amationa pa Facebook, kamtengo kolekeza pachifuwa koma zipatso zili mbwee. Ndati ndilembe zonse pamodzi kuti amene akufuna kuyesa ayambe akudziwa kuti akulowa chani.

Choyamba, ndipo nkhani yonse yagona pompa, njere ya apozi siibereka chipatso chofanana ndi chomwe munadya. Maluwa a maapozi ambiri sagwira ndi mungu wa mtengo womwewo, amadikira njuchi zibweretse mungu wa mtundu wina, nde njere iliyonse imakhala mwana wa makolo awiri ndipo bambo akewo inu simukuwadziwa. Mukadzala njere 10 mupeza mitengo 10 yosiyanasiyana, yambiri yobereka tizipatso ting'onoting'ono towawasa, ndiponso mudikira zaka 6 mwina mpaka 10 kuti muone n'komwe duwa. Mwayi umakhalapo inde. Granny Smith amene, uja wobiriwira uja, anachita kumera yekha ku Australia cha m'ma 1868 pakhomo pa mayi wina dzina lake Maria Ann Smith. Koma kuchokera nthawi imeneyo Granny Smith aliyense padziko pano ndi nthambi yochokera ku mtengo umodzi womwewo, anthu akhala akungodula n'kumakwatitsa, palibe wina anamupezanso podzala njere.

Nde ntchito ya njere ndi yotani? Imakupatsani chitsa, mbali yapansi yokhala ndi mizu, chomwe alangizi amati rootstock. Pamwamba pakepo ndi pomwe mumadzamezanitsapo kanthambi ka mtundu wodziwika. Amene munakwatitsapo mango mwaimva kale, chitsa ndi mango achikuda, pamwamba Tommy Atkins kapena Kent. Ndi zomwezo basi.

Tsopano za mitengo yaifupi. Kufupikako sikuchokera ku feteleza wapadera kapena mankhwala ayi, kumachokera ku chitsa. Pali zitsa zomwe zimaubweza mtengo kuti usakule kwambiri komanso uyambe kubereka msanga, ndipo zodziwika kwambiri zinasankhidwa pamalo ofufuzira za zipatso a East Malling ku Kent, England, n'chifukwa chake mayina ake amayamba ndi M. M27 ndi chachifupi zedi, M9 chimapereka mtengo wa mamita awiri kapena atatu woyamba kubereka pa zaka ziwiri kapena zitatu, M26 chimakulirapo pang'ono, kenako MM106 ndi MM111 zomwe ndi zapakatikati. Pomwe wa chitsa cha njere mukausiya umatha kupitirira mamita 6. Koma apa mumvetsetse bwino abale anga, zitsa zimenezi nazonso sizibwera ndi njere. M9 akabereka chipatso inu n'kudzala njere yake, chomwe chamera si M9, ndi mtengo wina watsopano ndipo simungadziwe ngati udzakhale waufupi kapena ayi. Ndiye wina akamakugulitsani kapaketi ka njere pa intaneti ati izi ndi za maapozi aafupi, sungani ndalama zanu. Chitsa chachifupi chimachulukitsidwa ndi mphukira zake zomwe, njira yake ndifotokoza kutsogoloku.

China ndi nyengo yathu, ndipo sindikufuna kukunamizani. Mtengo wa maapozi umafuna kuzizidwa kuti ugone n'kudzuka ndi maluwa. Amawerengera maola omwe kwazizira kutsika pa madigiri 7, mitundu yambiri yomwe timagula yochokera ku South Africa, kumadera ngati Ceres ndi Elgin, imafuna maola mazanamazana. Ife kuno Ngabu, Bangula, pa boma pa Nsanje, Okotobala ndi Novembala timapitirira madigiri 40, usiku womwe kumakhala kofunda, olo mu Juni kuzizira kwathu ndi kongofunda nsalu imodzi. Maapozi m'Malawi muno amachita bwino kumtunda, ku Dedza, Ntcheu, Neno, mbali zina za Mzimba. Pali mitundu iwiri yosafuna kuzizira kwambiri, Anna yemwe anapangidwa ku Israel ndi Dorsett Golden yemwe anapezeka ku Bahamas, ndipo iwiriyi imadzalidwa pamodzi chifukwa imachita maluwa nthawi imodzi n'kupatsana mungu. Ngati mukufuna kudzaona chipatso, muziganiza za iwiri imeneyi basi. Amene muli kumapiri, ku Chididi, ku Lulwe, kapena kumtunda kwa East Bank kokwera cha ku Thyolo, mwayi wanu ndi waukulu kuposa ife apansi penipeni. Ife apansi tizitenge ngati zoyesera, mitengo iwiri itatu pakhomo, osati kugwetsa munda wa mapira n'kudzazamo maapozi.

Tiyambe ndi njere. Sankhani chipatso chakupsa bwino, muchidule mosamala kuti mpeni usagwire njere, mutenge zofiirira zodera, zonenepa. Zoyerera ndi zaphwatalala tayani. Nthawi zina mupeza njere itayamba kale kutulutsa kamuzu koyera mkati mwa chipatso momwe, chifukwa maapozi ochokera kunjawa amakhala miyezi m'nyumba zozizira asanafike kuno, imeneyo ndi mphatso, idzaleni tsiku lomwelo. Zinazo muzitsuke ndi madzi oyera mpaka kuterera konse kutha, chifukwa shuga wotsalira ndi amene amaitana nkhungu, kenako muziviike usiku umodzi. Osaziyanika padzuwa lathuli. Ndipo tolani zambiri, 20 olo 30, chifukwa si zonse zimere ndipo pa zomerazo zina zifera panjira.

Njere ya apozi siimera isanazizidwe, imaganiza kuti chisanu sichinadutse. Nde timainamiza ndi filiji. Tengani tishu kapena kansalu koyera, munyowetse n'kufinya kuti madzi asamadonthe, muyale njere zosakhudzana, mupinde, muike m'kajumbo koonekera kapena kachitini ka majarini kokhala ndi chivundikiro. Lembanipo tsiku. Muike mufiliji mbali yapansi momwe mumakhala ndiwo zamasamba kapena zakumwa, pozizira madigiri 3 mpaka 5, osati mbali younditsa madzi ija. Zikhalemo masiku 60 mpaka 90. Sabata iliyonse muzitsegula kuti mulowe mpweya, muone ngati tishu yauma muwazepo timadzi, mukaona njere yachita nkhungu muichotse n'kusintha tishu yonse. Ulendo wina ndinataya zonse chifukwa ndinanyowetsa mopitirira, kenako magetsi anathima masiku angapo ine osakaonako, pokatsegula zonse zitaola, fungo lokhalokha. Magetsi akathima maola ochepa palibe vuto bola osamangotsegulatsegula chitseko, koma akathima nthawi yaitali wonjezerani masiku kumapeto. Amene mulibe filiji pemphani kwa mnzanu wa golosale woziziritsa zakumwa, kachitini kake n'kochepa sikadya malo. Mtsuko umaziziritsa madzi akumwa inde, koma sufika pomwe njerezi zimafuna.

Pali ena amasenda khungu la njere kuti imere msanga osalowa mufiliji. Imameradi, koma kambewu kake nthawi zambiri kamangokhala kokwinimbira, masamba ataunjikana pamodzi pansi, osatalika. Wina akaona amati eee ndapeza waufupi uja. Ayi, kameneko n'kongopinimbira chifukwa sikanazizidwe, sikuti ndi mtundu waufupi.

Nthawi yake iwerengeni chobwerera m'mbuyo. Mukufuna timbewu timere nyengo yozizira kuti tikamafika Okotobala tikhale titalimba. Nde njere zilowe mufiliji mu Febuluwale kapena kumayambiriro kwa Malichi, muzidzala kumapeto kwa Epulo ndi mu Meyi. Mukatulutsa kambewu ka masamba awiri mu Novembala ndiye kuti mwakapha nokha.

Kamuzu kakangotuluka, kotalika ngati chikhadabo, dzalani m'chubu. Dothi lake ine ndimasakaniza magawo awiri a dothi lapamwamba la pansi pa mtengo, gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje, gawo limodzi la manyowa a ng'ombe owolerana bwinobwino, aja asanduka ngati dothi osanunkhanso. Amene muli kumakande ngati mbali za Ngabu onjezerani mchenga, chifukwa makande m'chubu akanyowa amamata ngati phala, akauma amang'aluka n'kudula timizu. Njere ilowe sentimita imodzi kapena iwiri, kamuzu kaloze pansi, ndipo mugwire mwaulemu chifukwa kakathyoka basi zathera pomwepo. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri muona timasamba tiwiri tatuluka.

Machubuwo akhale pansi pa chisakasa cha udzu cholowetsa dzuwa la m'mawa lokha, ndipo ngati kwanu kumafika madzi osefukira aikeni pathandala. Ambirife tinaphunzira mowawa ndi anamondwe aja, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, nazale ya pansi imapita yonse usiku umodzi. Kuthirira kukhale kwa m'mawa, pang'ono, ndipo muyambe mwapisa chala m'chubu, ngati muli chinyontho dikirani mawa. Timbewu tambiri timafa ndi madzi ochuluka kuposa ludzu, mumangoona katsinde kada m'munsi n'kugwa chagada. Nkhani ina yaikulu kuno ndi madzi amchere. Mijigo yambiri m'chigwa muno madzi ake ndi amchere ndipo maapozi sagwirizana nawo olo pang'ono, masamba amayamba kupsa m'mphepete ngati awauka ndi moto. Ngati madzi a pamjigo panu sopo sachita thovu bwino ndipo mukamwa mumamva kamchere, musathirire amenewo, sungani a mvula m'diramu kapena tungani a kumtsinje. Koma chonde ku Shire musatume ana, ng'ona si nkhani yocheza.

Pakatha miyezi 8 mpaka chaka, kamtengo kakafika kukula ngati pensulo pamalo otalika chikhatho chimodzi ndi theka kuchokera pansi, kakonzeka kukwatitsa. Nthawi yabwino kuno ndi Juni ndi Julaye. Vuto lenileni ndi kupeza nthambi za Anna kapena Dorsett Golden. Funsani alangizi a zaulimi a kwanu, funsaninso ku Bvumbwe Research Station ku Thyolo komwe amaona za zipatso, kapena kwa alimi a kumtunda omwe ali ndi mitengo yobereka kale yodziwika dzina. Nthambi yake ikhale ya chaka chimodzi, yowongoka, yonenepa mofanana ndi chitsa chanu, yopanda tizilombo toyera tonga thonje tija timamata m'nthambi. Ikangodulidwa muchotse masamba, muikulunge m'nyuzipepala yonyowa, muike m'jumbo, ndipo potsika Thabwa pa minibasi isakhale pawindo lowomba dzuwa kapena pafupi ndi injini. Mukafika kwatitsani tsiku lomwelo kapena mawa lake m'mamawa.

Njira yosavuta ndi ya mphanda, yomweyo ya mango. Mpeni ukhale wakuthwa zedi, ena amagwiritsa lezala watsopano, mupukute ndi sipiriti. Dulani chitsa mopingasa pa masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pa dothi, mung'ambe pakati kutsika masentimita atatu. Tengani kanthambi ka maso atatu kapena anayi, musongole kumunsi kwake mbali ziwiri ngati nkhwangwa, kudula kamodzi mbali iyi kamodzi mbali iyo, osachita kupalapala ngati mukusongola pensulo, ndipo podulidwapo osagwirapo ndi zala. Lowetsani mumng'aluwo. Chinsinsi chonse chili pa khungwa, pansi pa khungwa pali kamzere kobiriwira konyowa, pamenepo ndi pomwe mitengo iwiriyi imagwirana, nde khungwa la kanthambi likumane ndendende ndi khungwa la chitsa. Ngati kanthambi n'kochepa kuposa chitsa musakaike pakati, kakankhireni mbali imodzi kuti mbali imeneyo igwirane bwino. Onetsetsaninso kuti maso akuyang'ana kumwamba, anthu amazondotsa ndithu akamafulumira. Mangani zolimba ndi kalamba wa pulasitiki wodula ku jumbo, kuyambira pansi kukwera, osasiya mpata wolowa madzi, kenako vekani kapepala ka mafilizesi pamwamba kuti kanthambi kasaume. Bwezerani pamthunzi. Pakatha masabata atatu kapena anayi maso atupa n'kuphukira, chotsani kapepala kaja madzulo, koma lamba asiyeni mpaka miyezi iwiri itatu, mukaona wayamba kulowa m'khungwa mumumasule. Mphukira iliyonse yotuluka m'munsi mwa chilondacho ndi ya chitsa, ithothoreni isanakule, apo ayi idzalanda chakudya chonse kanthambi kanu n'kufa.

Tibwerere kwa amene mtima wanu uli pa mtengo waufupi. Ngati mwapeza chitsa chimodzi chenicheni cha M9 kapena MM106, chimodzi chokhacho chikhoza kukupatsani zambiri chaka ndi chaka. Chidzaleni pansi osachikwatitsa, chikule chaka chimodzi. Nyengo yozizira chiduleni kusiya kachitsa kotalika zala ziwiri zitatu. Chiphukira mphukira zingapo. Zikafika masentimita 15 muunjikire dothi lofewa losakaniza mchenga mpaka theka la msinkhu wake, zikakulanso muonjezere, mpaka mulu ufike masentimita 25 kapena 30, ndipo muluwo uzikhala wachinyontho nthawi zonse. Mbali yokwiriridwayo imatulutsa mizu. Chaka chikatha, nyengo yozizira yomweyo, fukulani muluwo ndi manja, mudule mphukira iliyonse pamodzi ndi mizu yake, iliyonse ndi chitsa chofanana ndendende ndi make. Make aja amaphukiranso, inu n'kubwereza. Kunja amaunjikira utuchi, koma kuno utuchi ndi kuitana chiswe, ine sindingakulimbikitseni.

Koma ndinene maganizo anga, M9 kuno kuchigwa sindimukhulupirira. Mizu yake ndi yosazama ndiponso yosachedwa kuthyoka, amafuna mtengo womuchirikiza moyo wake wonse ndi madzi osadukiza, tsono dothi lathu mu Okotobala pamwamba pamatentha moti phazi silipondeka, mizu ya pamwambayo ipirira bwanji. MM106 naye amaola m'khosi akakhala podikha madzi. MM111 ndi amene amadziwika kuti amapirira chilala, ngakhale safupika kwenikweni. Chitsa cha njere chili ndi ubwino umodzi waukulu kwa ife, mizu yake imapita pansi kukafuna chinyontho. Pali njira yophatikiza ziwirizi, pansi chitsa cha njere, pakati kachidutswa ka M9 kotalika masentimita 20 mpaka 25, pamwamba Anna. Kachidutswa kapakatiko kamachepetsa kukula kwa mtengo pomwe mizu ndi yolimba ija. Ndi kukwatitsa kawiri, chaka chino kapakati, chaka chamawa kapamwamba, ndipo chomwe mukufunika ndi kanthambi chabe ka M9 osati chitsa chamizu. Mukalephera kupeza zonsezi musadandaule, mtengo mukhoza kuufupikitsa ndi manja anu, kudula nsonga ukafika m'chiuno, kusankha nthambi zitatu zinayi zoloza mbali zosiyana, n'kuzikokera pansi ndi chingwe chomangirira ku zikhomo kuti zigone mopingasa. Nthambi yogona siithamangira kumwamba, imatulutsa maso a maluwa.

Podzala kumunda kapena pakhomo sankhani malo omwe dzuwa la masana ndi madzulo limatchingika, kum'mawa kwa nyumba kapena kwa mtengo waukulu koma osati pansi pake penipeni. Dzenje masentimita 60 mbali zonse, dothi lapamwamba musakanize ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa owolerana. Kumalo odikha madzi dzalani pa kachulu kochita kuunjika. Polumikizira paja pakhale pamtunda, masentimita 10 kapena 15 pamwamba pa dothi, mukapakwirira nthambi yapamwamba imatulutsa mizu yakeyake ndipo ntchito yonse ya chitsa yatha. Phimbirani pansi ndi udzu wouma kuti dothi lisatenthe koma udzuwo usakhudze tsinde, siyani mpata wa chikhatho, muzithirapo phulusa pang'ono ndi masamba a nimu osinja, ndipo muzisuzumira pansi pa udzuwo kawirikawiri kuona chiswe. Tsinde mulipake laimu wosungunula m'madzi kuti lisapse ndi dzuwa. Ndipo mpanda, abale, mpanda umangidwe mtengo usanadzalidwe. Mbuzi za kuno zikamasulidwa pambuyo pokolola zimakungudza khungwa lonse, ntchito ya zaka ziwiri kutha pa mphindi zisanu. Minga ya mthethe kapena njerwa zosanja mosiya mipata zimathandiza.

Mtengo ukafika zaka ziwiri zitatu pamabwera ntchito yomwe kumayiko ozizira chisanu chimagwira chokha. Kuno masamba sayoyoka onse, mtengo umangokhala ngati uli mtulo tosatha, uku kaduwa kamodzi uku palibe. Nde timaugoneka tokha. Cha mu Meyi siyani kuthirira masabata awiri atatu, kenako pululani masamba onse ndi manja mosamala osavulaza maso, dulani nsonga za nthambi pang'ono, gonekani nthambi zatsopano, thirani manyowa n'kuyambanso kuthirira mokwanira. Pakatha pafupifupi mwezi maso amaphukira pamodzi ndipo maluwa amabwera nyengo ikadali yozizira. Alimi a ku Batu pachilumba cha Java ku Indonesia amakolola kawiri pachaka ndi njira yopulula masambayi, komano kumeneko ndi kumapiri. Ife tiyese kamodzi pachaka basi, chifukwa duwa lotuluka nthawi yotentha limangoyoyoka. Zipatso zikagwira patulirani, pa tsango lililonse musiye chimodzi kapena ziwiri.

Pa njere za mphwanga zija patsala mitengo iwiri. Umodzi uli kuseri kwa khitchini, uli moyo koma Novembala aliyense masamba amapsa m'mphepete. Winawo ndinapatsa achimwene ena a ku Chididi ndipo ukukula mosangalala kuposa wanga, masamba ake obiriwira bii. Kusiyana kwake mumachita kuona ndi maso.

N'chifukwa chake aliyense wobwera kudzaphunzira za maapozi ndimamugwiritsanso mpeni pa mango, luso lake ndi limodzi ndipo mango kuno ndi kwawo. Nthanga ya mango siifuna filiji, koma siichedwa kufa, idzaleni pasanathe sabata mutadya. Tsukani, iume pamthunzi tsiku limodzi, mutsegule chikhokho ndi mpeni cham'mbali, ngati mkati muli nankafumbwe kapena mwada tayani. Idzaleni chammbali, msana wokhota uja uli m'mwamba. Mango achikuda ambiri nthanga imodzi imatulutsa mbande zingapo, siyani yamphamvu imodzi, ndipo ambiri a mbande zimenezi amafanana ndi make, mosiyana ndi maapozi. Ikafika ngati pensulo kwatitsani ndi kanthambi ka kunsonga kokhala ndi diso lotupa lomwe latsala pang'ono kuphukira. Pa zaka zitatu kapena zinayi mukudya, ndipo mtengo wokwatitsa sukula ngati zimitengo zakale za m'midzi zija. Kwa malalanje ndi manachesi chitsa chake ndi mandimu aja a khungu lokhakhala, njere zake muzidzala zikadali zaziwisi osaziumitsa.

Ndipo pali masau, omwe timangowaona ngati a m'tchire. Ku India kuli mitundu ya masau akuluakulu monga Gola ndi Umran, ndipo ku West Africa anaitenga n'kumaikwatitsa pa masau akumeneko mpaka anaitcha Pomme du Sahel, kutanthauza apozi wa ku Sahel, dera louma la kumeneko, chifukwa ukaluma amakhukhuta ngati apozi. Mtengo wa masau dzuwa la madigiri 40 suliopa, chilala suopa, dothi lamchere pang'ono umapirira. Olo musanapeze mitundu yakunjayo mukhoza kuyamba ndi yathu yomweyi. M'mudzi uliwonse ana amadziwa mtengo womwe masau ake ndi akuluakulu ndi otsekemera kuposa ina yonse, afunseni akulozerani, muuike chizindikiro nyengo ya masau ikafika. Za chitsa tolani masau akupsa a mtengo uliwonse wathanzi, chotsani mnofu, yanikani nthangazo, kenako muziswe pang'onopang'ono ndi kamwala kapena hamala kuti mutulutse tinjere ta mkati osatiphwanya, chifukwa mukadzala ndi chigoba chomwe zimatenga nthawi yaitali kumera. Machubu ake akhale aatali popeza muzu wake umathamangira pansi msanga, ndipo muziwasuntha pakapita masabata awiri aliwonse kuti muzuwo usaboole chubu n'kulowa m'nthaka.